Nanga Chitsulocho Chimapita Kuti?

Mwezi wa Okutobala udzu subiriwira. Izi ndinazidziwa ndisanayambe sukulu, ndikutsata ng'ombe za agogo kudambo nthawi ya chilimwe, zikukukuta mapesi ndi kunyambita fumbi. N'chifukwa chake tsiku lina ndili ku Harare, tikuyenda chakumadzulo kwa mzinda kufupi ndi Mufakose, ndinangoima chilili nditaona busa lobiriwira ngati mu Januwale pamene kwina konse kunali gwaa ndi dzuwa. Ng'ombe zinali pomwepo, zonenepa, zikudya mosathamanga.

Ndinali ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wobadwira komweko amene anaphunzira za nthaka. Ndinamufunsa ngati mvula inagwa pamalo okhawo.

"Si mvula, amalume. Ndi suweji ya ku Crowborough."

Anandifotokozera tili chiimire. Madzi a m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'masinki a mumzinda amayenda m'mapaipi mpaka kumalo oyeretsera, ndipo aakulu ndi awiri, Firle ndi Crowborough. Kumeneko amawaika m'mathanki kuti adekhe. Zolemera zimakhala pansi, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zina, ndipo chotsala ndi matope akuda. Matopewo sasiya kubwera, chifukwa mzinda susiya kudya. Tsono vuto la Harare ndi lakuti mzindawu uli kumtunda kwa madzi ake akumwa. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, imene imadutsa pafupi ndi malo oyeretserawo, imakathira m'nyanja ya Chivero, damu lomwe linamangidwa mu 1952, ndipo madzi a m'mipopi ya mumzinda amachokera m'menemo. Zonyansa zitachuluka, nyanjayo inadzala ndere ndi namasupuni. Choncho m'zaka za m'ma 1970 anayamba kupopera madziwo ndi matope ake kumafamu a mzinda, n'kudzalamo udzu wa star, womwe ndi mbale wake wa kapinga, ndi wina wotchedwa kikuyu, n'kuikamo ng'ombe. Udzu unkadya chonde chomwe chikanakadyetsa ndere, ndipo kwa zaka zingapo nyanja inapezako bwino.

Ine ndinaona kuti imeneyi ndi nzeru, ndipo mpaka lero ndimaionabe choncho. Ndani sadziwa kuti nthochi yodzala pa dzenje la chimbudzi chakale imabereka mkoko wosanyamulika? Maungu a padzala ndiye osanena. Zochokera m'nthaka zizibwerera m'nthaka, m'malo mokaipitsa madzi. Ndinamuuza zimenezi ndikusangalala.

Iye anagwedeza mutu kuvomereza, kenako anati: "Koma muli zitsulo."

Apa ndi pamene ndinasokonezeka. Ndinamufunsa kuti, kodi munthu amadya chitsulo kuti chikapezeke m'chimbudzi?

Anati pang'ono chabe chimachokera mwa munthu. Chochuluka chimalowa panjira. Paipi yomwe yatenga madzi a kubafa kwanu ndi yomweyo imene imalandira madzi a kumafakitale a ku Willowvale, Southerton kapena Workington. Okuta zitsulo kuti zisachite dzimbiri amatsuka zinki, nikelo ndi kadimiyamu. Ofufuta zikopa amagwiritsa ntchito kromiyamu. Mtovu umachokera ku mabatire a galimoto ndi penti wakale, mkuwa umachokera m'mapaipi ndi m'mawaya. Ngakhale malata a padenga amasuluka zinki pang'onopang'ono mvula ikamagwa. Ndipo zikafika kumathanki kuja, zitsulozi zimakonda kukakamira kumatope kusiyana ndi kutsala m'madzi. Ndiye kuti pamene madzi akuyera, matope ndi amene akusenza katundu yense.

Komabe m'mutu mwanga chitsulo chinali khasu, msomali, chogwirira cha ndowa. Muzu wa udzu ndi wopyapyala ngati ulusi. Ungameze bwanji msomali?

"Mukathira mchere m'madzi, amalume, mumauona?"

"Ayi."

"Koma ulimo?"

"Ulimo."

Anati ndi chimodzimodzi. Chitsulo chikasungunuka chimayenda ndi chinyontho cha m'nthaka, ndipo muzu umamwa. Zina mwa zitsulozi udzu umazifuna ndithu, monga zinki ndi mkuwa, koma pang'ono kwambiri, ngati mchere wa m'ndiwo. Zina, monga kadimiyamu ndi mtovu, zilibe ntchito iliyonse m'mbewu, m'ng'ombe kapena mwa munthu. Kadimiyamu amafanana kwambiri ndi zinki, moti muzu ukamatsegulira zinki khomo, nayenso amalowera pomwepo.

Funso langa lotsatira ndi limene linandigwira kwambiri, ndipo likundigwirabe. Manyowa ndimawadziwa. Ukathira ndowe chaka chino, chaka cha mawa mphamvu yake yachepa, chaka chachitatu uyenera kuthiranso. Chilichonse chimene ndinakwirirapo m'munda chinaola n'kutha. Ndinafunsa kuti chitsulochi chimatenga zaka zingati kuti chiole.

Anandiyang'ana n'kunena kuti sichiola.

Anandiuza za munda wina ku Woburn, m'dziko la England, womwe akatswiri a ku Rothamsted ankayeserapo manyowa. Kuyambira mu 1942 mpaka 1961 ankathira m'timinda tina matope a suweji ya ku London, m'tina ndowe za m'khola. Kenako analeka. Patapita zaka zoposa 20, Steve McGrath ndi anzake atapima dothilo, anapeza kuti mbali yaikulu ya zitsulo zija inali ikadali pomwepo, m'dothi lapamwamba lomwe khasu limafika. Tizilombo ta m'nthaka, tomwe timaoletsa zinyalala, tinali pafupifupi theka la tomwe tinali m'timinda ta ndowe. Ndipo panali chinthu china chomwe mlimi wa mtedza aliyense angachimvetse. Mukazula mtedza kapena soya mumaona timibulu kumizu, ndipo mukatiphwanya m'kati mumakhala mofiirira ngati tili pantchito yokoka chonde kuchokera mumpweya. Ku Woburn anadzala clover, kachomera ka m'gulu la nyemba komwe azungu amasakaniza ndi udzu wa ziweto. M'timinda ta matope a suweji timibulu take tinali tating'ono, toyera, topanda ntchito, ndipo kachomerako kanali kachikasu ndi kopinimbira pokhapokha atakathirira fetereza.

Ndinawerenga ndi zala. Amene anathira matopewo mu 1942 ambiri anali atapuma ntchito kapena kumwalira, koma chimene anathira chinali chikugwirabe ntchito yake m'nthaka.

Ku Harare komweko zinapimidwanso. Mu 1999 Justice Nyamangara ndi mnzake Mzezewa anasindikiza zimene anapeza pa busa la ku Crowborough lomwe linalandira matope kwa zaka pafupifupi 20: zinki, mkuwa, nikelo ndi mtovu zinali zitaunjikana m'dothi lapamwamba. Patapita zaka zochepa Simon Madyiwa ndi anzake anafufuza udzu wa star pa dothi lamchenga la chakufupi ndi Firle, ndipo anaona kuti udzuwu umayamwadi mtovu ndi kadimiyamu zikachuluka m'nthaka.

Ndinatembenukira ku busa lija. Ndinati, koma taona mmene wabiriwirira. Udzu wodwala ndimaudziwa. Uwu ukudwala pati?

Yankho lake linandikumbutsa mawu a akuluakulu aja, akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kubiriwira kumachokera ku nayitirojeni, chonde chomwecho chomwe timagula m'thumba la urea, ndipo m'matope a suweji ndi chambiri. Kubiriwirako sikunena kanthu za chitsulo. Anati zitsulozi zili ndi makhalidwe osiyana ngati anthu. Zinki, mkuwa ndi nikelo zikapyola muyeso zimayamba zapweteka udzu womwewo: umachita chikasu, mizu imafupika, ndipo mwini munda amaona kuti pali vuto nyama isanafike pa mbale. Mtovu umagwiridwa zolimba ndi dothi ndi mizu, ndipo wochepa ndi umene umakwera kumasamba. Koma kadimiyamu amakwera mwakachetechete. Udzu ungakhale nayo yokwanira kudetsa nkhawa pa chakudya, uku ukuoneka wathanzi ngati wa m'munda wa mfumu.

Ndinapezerapo mpata. Ndinati basi mtovu tisauope, poti umatsala pansi. Anandifunsa ngati ndinayamba ndaonetsetsa ng'ombe ikudya msipu waufupi. Ndinaona kambirimbiri. Imakulunga lilime, n'kuzula, ndipo dothi limalowa nawo m'kamwa. Ikamadya pamalo pomwe angothira kumene, matope okakamira pamasamba imamezanso. Motero chimene muzu unakana, lilime limatola. Nkhosa ndiye zimavutika msanga ndi mkuwa, chifukwa umaunjikana m'chiwindi mpaka kuzipha.

Nanga chikalowa m'ng'ombe chimapita kuti? Chambiri chimatuluka ndi ndowe, n'kubwerera pa busa pomwepo. Chotsala sichikonda mnofu kapena mkaka. Chimakakhala mu impso ndi m'chiwindi, ndipo ng'ombe ikamakalamba ndi pamene chimachuluka.

Apa mtima unandiwawa. Ndinaganiza za amene amagula zam'kati pabutchala. Nthawi zambiri ndi mayi amene ndalama yake siikwana nyama ya mnofu, ndipo chiwindi ndi chimene timauzana kuti tipatse mwana kapena wodwala kuti magazi abwerere. Mwa munthu namonso kadimiyamu amakakhala mu impso, ndipo pamatenga zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lichoke. Mtsikanayo anatchula za ku Toyama, m'dziko la Japan, kumene mgodi wa Kamioka unkataya kadimiyamu mumtsinje wa Jinzu, alimi n'kumathirira mpunga ndi madziwo. Amayi achikulire ambiri anawonongeka impso, mafupa awo n'kufewa mpaka kumathyoka okha. Matendawo anawatcha itai-itai, kutengera kulira kwa odwalawo chifukwa cha ululu, ndipo boma la Japan linavomereza gwero lake mu 1968. Mtsikanayo anafulumira kunena kuti kumeneko kunali kwa mgodi, ndipo anthu ankadya mpunga womwewo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, pamene busa la suweji silifika pamenepo. Ndinamva. Koma ndinamvanso kuti mpunga uja unkaoneka wabwinobwino.

Kenako ndinaganiza kuti ndapeza njira. Ngati udzu umayamwa chitsulo, bwanji osaumweta chaka ndi chaka n'kukautaya kutali? Munda suyera?

Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Anati tingoyerekeza. Dothi lapamwamba la hekitala imodzi, kuzama kwa chikhatho ndi theka, limalemera matani pafupifupi 2,500. Tinene kuti matope awonjezera galamu imodzi yokha ya kadimiyamu pa tani iliyonse ya dothi. Ndiye kuti m'hekitala muli makilogalamu awiri ndi theka. Tinene kuti mwamweta matani 10 a udzu wouma pachaka, ndipo tani iliyonse yatenga theka la galamu. Mwachotsa magalamu asanu. Anandipatsa kamtengoko kuti ndigawe ndekha. Ndinapeza zaka 500.

Ndinabwereza kawiri, ndipo yankho silinasinthe. Kuthira kumatenga masana amodzi.

Ndinafunsa tsono za udzu womwe palibe amene amaudya, wa pabwalo la mpira kapena pakhomo. Anati kumeneko ndi kumene matopewa anatchukira kale. Mzinda wa Milwaukee ku America wakhala ukuumitsa matope ake ndi moto waukulu n'kumawagulitsa m'matumba kuyambira mu 1926, pa dzina la Milorganite. Katswiri wa zaulimi O. J. Noer anawayesa pa mabwalo a gofu, ndipo osamalira mabwalowo anawakonda chifukwa sawotcha udzu ndipo amatulutsa chonde pang'onopang'ono. Kutenthako kumapha majeremusi ndi mazira a njoka zam'mimba. Ndinafunsa ngati kumaphanso chitsulo. Anati moto umapha chamoyo, ndipo chitsulo sichinakhalepo ndi moyo.

Pamenepa ndinavomereza kuti pa bwalo la gofu nkhawa ndi yochepa. Koma ndinaganiza za mwana wokwawa pa kapinga, amene chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa. Ndinaganizanso chinthu chimene aliyense wa ife wachionapo ndi maso: malo sakhala ntchito imodzi mpaka kalekale. Pomwe panali bwalo la mpira ndili mwana, lero pali chimanga. Ku Harare komweko, mbali zina za mafamu a suweji anthu anamangapo nyumba, ndipo pakhomo pa munthu wa kuno sipalephera kadimba ka masamba. Masamba monga repu ndi mpiru amayamwa kadimiyamu kuposa udzu. Amene analoleza kuthira matope ankaganiza za ng'ombe. Kodi analipo amene anaganiza za repu wa zaka 40 kutsogolo?

Malamulo alipo, anatero. Mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1986 kuti dothi lolandira matope lisapyole mamiligalamu 1 mpaka 3 a kadimiyamu pa kilogalamu, ndipo ziweto zisalowe pa busa mpaka patapita milungu itatu chithirireni. America inaika lamulo lake mu 1993: matope amene amatengedwa kuti ndi abwino asapyole mamiligalamu 39 a kadimiyamu ndi 300 a mtovu pa kilogalamu. Ndinamupempha anene m'njira yoti ndione ndi maso. Anati m'thumba la makilogalamu 50 la matope ouma, kadimiyamu asafike magalamu awiri. Dziko la Switzerland linasankha kuletseratu, ndipo matope ake amawotchedwa. Chigawo cha Maine ku America chinaletsa mu 2022, osati chifukwa cha zitsulo koma mankhwala ena a m'mafakitale otchedwa PFAS, amenenso saola, atapezeka m'mkaka ndi m'zitsime za alimi.

Ndinafunsa kuti, impso ya ng'ombe ya ku Switzerland ndi yosiyana ndi ya ku America? Anati ayi. Kusiyana kuli pa funso limene aliyense anayambira. Ena anafunsa kuti tingathire zochuluka bwanji munthu asanavulale. Ena anafunsa ngati n'koyenera kuwonjezera m'nthaka chinthu chomwe sudzatha kuchichotsa. Ine sindine wophunzira za nthaka, koma funso lachiwirilo ndi limene agogo akanafunsa, chifukwa iwo munda ankauona ngati wa adzukulu.

Panalinso nkhani ya laimu. Dothi likakhala la asidi, zitsulo zimasungunuka msanga ndipo mbewu zimamwa zambiri. Mukathira laimu, zimagwidwa n'kukhala phee. Dothi la makande limazigwira kuposa lamchenga. Ndinafunsa ngati laimuyo amachotsa chitsulo. Sachotsa, amangochimanga. Nanga amene adzalima pamenepo ine nditapita, akadzasowa ndalama ya laimu? Nanga akamadzathira fetereza wa mtundu wa amoniya chaka ndi chaka, amene amawonjezera asidi m'nthaka? Anati pamenepo chingwe chimamasuka.

Ndinatopa, ndipo ndinanena zomwe munthu wotopa amanena: basi alekeretu. Iye anandilozera kum'mwera chakumadzulo, komwe kuli nyanja. Anati mukaleka kuthira pa udzu, matopewo sasowa, ayenera kupita kwina. Mzinda wa New York unkawataya m'nyanja yamchere mpaka 1992, Britain mpaka kumapeto kwa 1998. Kuwotcha kumafuna ndalama zambiri, ndipo phulusa lake limatsala ndi zitsulo zomwezo. Suweji ikapita kumtsinje osayeretsedwa bwino, zotsatira zake zimaoneka msanga. Ndinadzakumbukira mawu akewo mu Disembala 2024, nditamva kuti zipembere zinayi ndi nyama zina zafa zitamwa madzi a ndere zapoizoni m'nyanja ya Chivero. Anawonjezera kuti ngakhale fetereza wa m'sitolo si woyera kotheratu, chifukwa miyala ya fosifeti imene amapangira imakhala ndi kadimiyamu wake. Ndipo fosifeti yemweyo, amene mayiko athu amagula ndi ndalama zakunja, ali m'matope amene tikufuna kutayawo.

Ndiye ndinabwerera poyambira. Nthochi ya pa chimbudzi cha kumudzi ilibe mlandu umenewu, chifukwa m'dzenje lija simunalowe madzi a fakitale. Chimene ndinakula ndikuchitcha chonyansa, chochokera m'mimba mwa munthu, chimaola ndipo majeremusi ake amafa ukachipatsa nthawi kapena kutentha. Chimene chimakhalitsa ndi chija chosanunkha. Ndinafunsa funso lomwe ndinkaona kuti mwana wa sitandade 3 angafunse: bwanji osaletsa chitsulocho chisanalowe m'paipi?

Nkhope yake inawala. Anati imeneyo ndiyo njira imene inathandizadi kumene inatsatidwa. Ku America ndi ku Britain, mafakitale atakakamizidwa kuyeretsa madzi awo pakhomo pawo asanawatayire m'suweji ya mzinda, kadimiyamu ndi mtovu m'matope zinatsika kwambiri poyerekeza ndi za m'ma 1970. Pa geti la fakitale chitsulo chimakhala chambiri m'madzi ochepa, ndipo kuchigwira n'kotheka. Chikasakanikirana ndi madzi a mzinda wonse, n'kumwazidwa pa mahekitala mazanamazana, palibe amene angachitolenso. Koma zimafuna munthu wopita kukatunga madzi pa geti lija mosadziwitsa, makina opimira amene akugwira ntchito, ndi buku lolembamo kuti munda uwu unalandira zakuti, chaka chakuti.

Buku limenelo landikhala m'maganizo. Ku Lilongwe kuli maiwe a suweji ku Kauma, ku Blantyre kuli malo oyeretsera ku Manase ndi ku Soche, ndipo mizinda yathu ikukula. Kumene kuli suweji kumakhala matope, ndipo kumene fetereza wakwera mtengo, matope akuda sasowa wowafuna. Munthu akamagula ngolo ya manyowa otere kuti akathire pa kapinga kapena padimba, ndikanakonda atafunsa kuti madzi ake anachokera m'nyumba zokha kapena anadutsa kumafakitale, ndiponso ngati anapimidwa. Safunsa anadya phula.

Tikubwerera, dzuwa litapendeka, tinadutsa m'mphepete mwa busa lija. Mayi wina anali akugalauza kamunda, mwana ali kumbuyo, akukonzekera mvula yoyamba. Tinapatsana moni. Ndinawerama n'kutapa dothi la pamzere wake. Linali lakuda bii, lofewa, lonyowa pang'ono ngakhale mu Okutobala, ndipo linkamveka fungo la nthaka yabwino. Mukanandiika pakati pa minda khumi n'kundiuza kuti ndisankhe, ndikanasankha umenewo.

Titapitirira pang'ono ndinafunsa mwana wa mlongo wanga ngati pali njira yoti mayi uja adziwe zimene zili m'dothi lake. Anati ilipo: atape dothi m'malo angapo, alisakanize, aliumitse pamthunzi, apite nalo ku labotale, alipire.

Ndinacheuka. Mayi uja anali atamasula mwana n'kumukhazika pamzere, ndipo mwanayo anali akusewera ndi dothi.